Kulimbitsa mipando yotitimira ya galimoto yakale

A Mbewe:

Moni nonse a pa gulu lino. Ndili ndi Mercedes-Benz W123 ya chaka cha 1982, ndipo mpando wa dalaivala watitimira kwambiri moti ndikakhalapo maondo amakhala m'mwamba kuposa chiuno. Wapendekeranso mbali ya ku chitseko, kotero kuti paulendo wautali msana umayamba kuwawa mbali imodzi. Chophimba chake, chimene ndi cha MB-Tex (pulasitiki wooneka ngati chikopa), sichinang'ambike paliponse, ndipo sindikufuna kuchitaya chifukwa mtundu wake ndi wofanana ndi wa m'zitseko. Chinanso chimene ndaona n'chakuti pa kapeti, kunsi kwa mpandowo, pamagwa fumbi lofiirira losakanikirana ndi tiulusi, ndipo ngakhale ndisese limagwanso. Munthu wina wandilangiza kuti ndingomasula chophimbacho n'kulowetsamo siponji yokhuthala. Kodi zimenezi zingathandize, kapena pali china chimene ndiyenera kuyamba ndachiona?

A Jere:

Bambo Mbewe, ntchito yanga ndi yokonza mipando, ndipo langizo langa loyamba ndi lakuti musagule chilichonse musanatulutse mpandowo m'galimoto ndi kuutembenuza kuti muone kunsi kwake. Mpando wa galimoto uli ndi zigawo zitatu zimene sizithera limodzi. Pansi penipeni pali chonyamula thupi, chimene chingakhale masipuling'i, malamba a mphira kapena chinsalu cha mphira chokungidwa pa fulemu. Pamwamba pake pali khushoni, imene ntchito yake ndi kugawa kulemera kwa munthu kuti asamve mawaya. Kenako pali chophimba chimene aliyense amachiona. Anthu ambiri amathamangira ku khushoni chifukwa ndi imene dzanja limaifikira msanga, koma mpando ukatitimira kwenikweni, kawirikawiri vuto limakhala pa chonyamula chija. Kuwonjezera siponji pamwamba pa masipuling'i othyoka n'chimodzimodzi kuyala matiresi atsopano pa bedi lothyoka matabwa.

Pa W123 khushoni yake si ya siponji ayi. Ndi ulusi wa makoko a kokonati wosakaniza ndi ubweya wa nyama, zomatidwa pamodzi ndi utomoni wa mphira, kenako n'kuumbidwa m'chikombole kuti zitenge maonekedwe a mpando. Utomoniwo ukakalamba umauma n'kuyamba kuyoyoka, ndipo fumbi lofiirira limene mukusesalo ndi khushoni yanu imene ikutha pang'onopang'ono. Choncho mbali imodzi ya vutoli mwaiona kale. Koma kupendekera ku chitseko kukundiuza kuti palinso sipuling'i yothyoka kapena yofooka m'mphepete mwa kunja, chifukwa ndi pamene thupi lonse limatsamira nthawi iliyonse mukamalowa ndi kutuluka. Mukautembenuza, dinikizani sipuling'i iliyonse ndi dzanja, ndipo muyang'anitsitse pamene waya wapindika ndiponso pamene walumikizana ndi waya wozungulira m'mphepete, pakuti mpamene amakonda kudukira. Muvale chotchinga kukamwa ndi mphuno pogwira ntchitoyi, chifukwa fumbilo ndi lambiri, ndipo m'mipando ya galimoto zimene zinakhalitsa osayenda mumapezeka zisa ndi ndowe za makoswe.

Mayi Nachisale:

Ndikugwirizana ndi a Jere pa mfundo yoyamba kuona kunsi, ndipo ndiloleni ndiwonjezerepo za galimoto za ku Britain, popeza pa gulu lino alipo ena amene ali nazo. MGB, imene inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, ilibe masipuling'i kunsi kwa pokhalira, ndipo n'chimodzimodzinso Triumph TR6. Siponji imagona pa chinsalu cha mphira chokoledwa pa fulemu ndi tingowe tachitsulo, kapena pa malamba a mphira ngati aja a Pirelli, malingana ndi chaka chimene galimotoyo inatuluka. Mphira ikakalamba imang'aluka, makamaka pamene pali tingowe tija, ndipo tsiku lina munthu umangozindikira kuti wakhala pafupifupi pansi penipeni pa galimoto. Pamenepo siponji ikhoza kukhala yabwinobwino, koma ilibe poimira.

Kukonza kwake n'kosavuta kumvetsa koma kumafuna mphamvu. Chinsalu chatsopano chimaoneka chaching'ono kuposa fulemu, ndipo n'chimene chiyenera kukhala choncho, chifukwa kulimba kwa mpando kumachokera pa kukungika kwake. Chiyikeni padzuwa kapena m'madzi otentha kuti chifewe, kolani tingowe ta mbali imodzi tonse, kenako mukoke ta mbali inayo kuyambira pakati kupita m'makona. Ngati mukugwiritsa ntchito malamba, lililonse lidulidwe lofupikirapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi mpata umene likatsekepo. Malamba a nsalu osatamuka musawaikepo, chifukwa mpando umauma gwa ndipo bampu iliyonse imakafika m'msana.

A Tembo:

Akuluakulu, ine ndi wamng'ono pa nkhani zimenezi, koma pali njira imene eni ake a Mercedes zakale ambiri amaitchula, ndipo ine ndinaigwiritsa ntchito pa mpando wanga. Amatenga timachubu ta siponji tija ana amayandama nato posambira, totchedwa pool noodles, n'kutidula m'zidutswa ndi kutilowetsa pakati pa masipuling'i kudzera kunsi. Chophimba sachimasula n'komwe. Mpando wanga unakwera ndithu ndipo kupendekera kunatha. Bwanji a Mbewe asayambe ndi zimenezi asanalowe m'ntchito yaikulu?

A Jere:

Achimwene a Tembo, njira imeneyo sindiinyoza, chifukwa ili ndi malo ake. Ngati masipuling'i angotopa koma onse ndi athunthu, kuika chinthu chowathandiza pakati pawo kumachepetsa mtunda umene amatsika, ndipo munthu amamva kuti mpando walimba. Koma pali zinthu zimene muyenera kuzidziwa. Siponji ya timachubuto ili ndi timabowo totsekeka todzaza mpweya, ndipo ikapsinjidwa mobwerezabwereza timabowoto timaphwa osabwereranso, kotero kuti pakapita nthawi mudzapeza zidutswa zophwatalala zikugwera pa kapeti. Ngati mukufunadi kuthandiza masipuling'i mwa njira imeneyi, ndi bwino kudula zidutswa za siponji yolimba ya mipando, imene imabwerera ikapsinjidwa, n'kuzimanga kuti zisamasunthe.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Pamene waya waduka, nsonga yake imakhala yakuthwa, ndipo nthawi iliyonse munthu akakhala nsongayo imakwera n'kumakanda khushoni kuchokera kunsi. Mukangoikapo chubu n'kusiya waya choncho, nsongayo idzaboola khushoni, kenako idzaboola MB-Tex imene a Mbewe akufuna kuisunga. Kwa iwo ndiye ndikukana, mpaka atatiuza zimene apeza kunsiko.

A Kumwenda:

Pepani ndilowerere ndi funso langa, chifukwa likukhudza nkhani yomweyi. Pa Ford Mustang yanga ya 1966 masipuling'i ake ndi aja okhotakhota oyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo kwa fulemu, ndipo ina yaduka pakati. Kodi sindingangoiwotcherera pamene yadukapo, popeza makina owotcherera ndili nawo?

A Gondwe:

Bambo Kumwenda, ine ndimawotcherera zitsulo, ndipo yankho langa ndi lakuti fulemu muwotcherere koma sipuling'i ayi. Waya wa sipuling'i ndi chitsulo chokhala ndi kaboni wambiri, chimene chinatenthedwa ndi kuziziritsidwa mwadongosolo kuti chizibwerera m'malo mwake chikapindidwa. Kuti chitsulo chisungunuke pamafunika kutentha kopitirira madigiri 1,400, pamene kutentha kocheperapo kwambiri kuposa pamenepo n'kokwanira kale kuchotsa mphamvu yobwerera ija. Zotsatira zake n'zakuti pamene mwawotchererapo pamauma n'kukhala posachedwa kuthetheka, pambali pake pamafewa, ndipo wayayo amadukanso pafupi ndi chilondacho, kawirikawiri munthu atangomaliza kubwezeretsa chophimba.

Pa masipuling'i okhotakhota ngati anuwo, njira yabwino ndi kuchotsa yothyokayo yonse n'kuikapo yatsopano, chifukwa amagulitsidwa ataliatali ndipo mumadula malingana ndi muyeso wanu. Makulidwe a waya amalembedwa ndi nambala, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti waya ndi wonenepa. Pa pokhalira amaika kawirikawiri nambala 8 kapena 9, amene ndi waya wa pafupifupi mamilimita 4, pamene pa chotsamira amaika woonda, nambala 11 kapena 12. Yezani waya wakaleyo musanagule. Mukadula, pindani nsonga yake kuti isapulumuke m'kachitsulo koigwira pa fulemu. Ngati yatsopano siikupezeka, tengani chidutswa cha waya wa sipuling'i wofanana kuchokera ku mpando wina wotha ntchito, muchigoneke pa wothyokayo mopitirira mbali zonse ziwiri, n'kuzipana pamodzi ndi tizitsulo topanira m'malo angapo, osati pamodzi pokha.

Fulemu yokha muiyang'ane bwino m'makona ndi pamene chotsamira chimalumikizana ndi pokhalira. Mng'alu wa pamenepo umachititsa mpando kupendekera ngakhale masipuling'i ali abwino, ndipo umenewo ndi woti muwotcherere, mutachotsa kaye khushoni ndi nsalu zonse chifukwa sizichedwa kugwira moto.

A Nkhoma:

Popeza a Gondwe atchula za moto, ndikufuna kuchenjeza amene ali ndi Volkswagen Beetle, chifukwa kwa iwo mpando wotitimira si nkhani ya msana wokha. Batire la Beetle limakhala kunsi kwa mpando wa kumbuyo, ndipo masipuling'i achitsulo a mpandowo ali pamwamba pake penipeni. Mpando ukatopa, munthu wolemera akakhalapo, masipuling'i amatsika mpaka kukhudza mitu ya batire, magetsi n'kudutsa m'mawayamo mpaka kufiira. Khushoni ya Beetle ndi ya ulusi womwe uja a Jere afotokoza, ndipo ikauma imayaka mosavuta. Galimoto zamtunduwu zakhala zikupsa mwa njira imeneyi. Batire liyenera kukhala ndi chivundikiro pa mutu wake wa pulasi, likhale lomangidwa kuti lisamadumphe, ndipo lisakhale lalitali kuposa limene linayenera kukhalapo. Amene akukonza mipando ya kutsogolo asaiwale wa kumbuyo pongoona kuti sakhalapo anthu kawirikawiri.

A Mbewe:

Zikomo kwambiri nonse. Ndautulutsa mpando uja, ndipo zimene a Jere ananena ndi zimene ndapeza. Mawaya a mbali ya ku chitseko aduka pamene amapindikira, ndipo nsonga ina inali italowa kale m'khushoni. Khushoniyo yatha kwambiri m'mphepete moti ndikaigwira imanyenyeka m'manja, koma pakati idakali yokhuthala. Fulemu ili ndi dzimbiri la pamwamba chabe ndipo sindinaone mng'alu. Tsopano ndili ndi mafunso awiri. Mpando wa wokwera wa kutsogolo udakali wolimba, ndiye kodi ndingasinthanitse masipuling'i ake ndi a dalaivala? Ndipo pa khushoni, kodi ndifunefune ya ulusi ngati yakaleyo, kapena ndiike siponji?

A Phiri:

Bambo Mbewe, pa funso lachiwirilo ine ndili ndi mbali, ndipo sindibisa. Bwezeranimo khushoni ya ulusi. Amene anapanga galimoto yanuyo sikuti siponji sankaidziwa. Kampani ya Dunlop inali itapanga kale siponji ya utomoni wa mphira mu 1929, ndipo katswiri wa ku Germany Otto Bayer anatulukira mu 1937 mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyurethane, imene siponji yake yofewa inafala m'zaka za m'ma 1950. Pamene W123 inkatuluka mu 1976, opanga galimoto ambiri anali atasamukira kale ku siponji, koma Mercedes-Benz inapitiriza kuika masipuling'i ndi ulusi. Ine ndimaona kuti anali ndi zifukwa zomveka. Khushoni ya ulusi ili ndi mipata yambiri, ndipo munthu akamagwedezeka pa masipuling'i mpweya umalowa ndi kutuluka, kotero kuti msana ndi ntchafu sizichita thukuta kwambiri, makamaka pa chophimba cha pulasitiki ngati MB-Tex. Komanso khushoniyo ndi yopyapyala ndi yolimba, ndiye ntchito yonyamula imasiyira masipuling'i, ndipo n'chifukwa chake mpando wa galimoto zimenezi umamveka wolimba pamwamba koma wonjanja pansi. Mukaikamo siponji yokhuthala mudzakhala ndi mpando wabwino, koma sudzakhalanso mpando wa W123. Galimotozi zinapangidwa pafupifupi 2.7 miliyoni, ndipo makhushoni ake oumbidwa kale amapangidwabe ndi ogulitsa zipangizo za galimoto zakale.

A Tembo:

Madala a Phiri, ndikumva mfundo yanu, koma khushoni imene mukuiyamikirayo ndi yomweyo imene yasanduka fumbi pa kapeti ya a Mbewe. Ngati chinthu chimayoyoka chokha, bwanji tibwezeremo chomwecho pamene zilipo zipangizo zamakono?

A Phiri:

Yasanduka fumbi patapita zaka zoposa 40, mwana wanga. Mukandipezera siponji imene inaikidwa mu 1982 ndipo mpaka lero sinaphwe, ndidzasintha maganizo. Siponji nayonso imakalamba. Ya utomoni wa mphira imauma n'kusanduka ufa wachikasu, ndipo ya polyurethane imafota n'kuyamba kunyenyeka, makamaka pamene pali chinyezi ndi kutentha.

A Jere:

Onse awiri muli ndi mfundo, koma ine ndinena monga munthu amene ndimagwira zonse ziwiri. Ngati khushoni ya ulusi youmbidwira mpando umenewo ikupezeka, ntchito imaphweka kwambiri, chifukwa maonekedwe ake ndi amene chophimba chinasokedwera, ndipo chimakhala bwino popanda makwinya. Pamenepo ndili kumbali ya a Phiri. Koma pali galimoto zambiri zakale zimene makhushoni ake sapangidwanso, ndipo eni ake sangachitire mwina koma kuumba ndi siponji, choncho ndifotokoze mmene zimenezi zimachitikira kuti zisawonongeke.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kusokoneza kulemera kwa siponji ndi kulimba kwake, pamene ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kulemera kumayezedwa m'makilogalamu pa kiyubiki mita imodzi, ndipo kumakuuzani kuchuluka kwa zipangizo zimene zili m'siponjimo, ndiye kuti kutalika kwa moyo wake. Kulimba kumayezedwa poona mphamvu imene ikufunika kuti siponji ipsinjike ndi gawo linalake la kukhuthala kwake, ku America ndi 25 peresenti pamene ku Ulaya amakonda 40 peresenti. Siponji yopepuka ikhoza kukhala youma gwa m'sitolo, n'kuphwa pakangopita miyezi yochepa. Ine pa pokhalira sindiika siponji yochepera makilogalamu 35 pa kiyubiki mita, ndipo ndikapeza ya 40 kapena 50 ndimakondwa. Mukamagula, funsani nambala ziwiri zonsezi, ndipo musadalire mtundu wa utoto wake chifukwa kampani iliyonse imapaka mmene ikufunira.

Siponji isagone mwachindunji pa masipuling'i, chifukwa mawaya amaicheka pang'onopang'ono mpaka kulowamo. Yambani ndi chiguduli cholimba kapena nsalu ya tenti, muikunge pa masipuling'i n'kuimanga m'mphepete monse. Pa mipando ngati ya Mustang ya a Kumwenda, chiguduli choyambirira chinali ndi timawaya tolukidwamo, ndipo chikaola mpando umatitimira ngakhale masipuling'i onse ali athunthu, chifukwa timawaya timeneto ndi timene timachititsa kuti masipuling'i anyamule mogwirizana. Pamwamba pa chigudulicho ikani siponji yolimba kwambiri, monga ija yopangidwa ndi tizidutswa tomatidwa pamodzi, kenako yapakatikati, ndipo pamwamba penipeni kachigawo kopyapyala kofewa kapena thonje la polyester kuti chophimba chisalale. M'mphepete motukuka, mmene mumagwira ntchafu, muike yolimba kuposa ya pakati, chifukwa ndi mmene mumayamba kutha. Dulani siponji mopitirira muyeso ndi pafupifupi sentimita imodzi mbali iliyonse kuti chophimba chidzaipanikize. Mpeni wamagetsi wodulira buledi umadula mosalala kuposa mpeni wina uliwonse umene ndinaugwirapo. Guluu akhale wopirira kutentha, chifukwa m'galimoto yotseka imene yaima padzuwa mukhoza kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo guluu wamba amafewa n'kulekerera.

Memory foam, siponji ija imasunga maonekedwe a thupi likaipsinja, musaiike pa pokhalira. Imafewa ikatentha, imauma kukazizira, ndipo imachedwa kubwerera, pamene mpando wa galimoto umafunika kubwerera msanga bampu ina isanafike.

Pa funso losinthanitsa, Bambo Mbewe, zimatheka pa galimoto zambiri chifukwa chimango cha masipuling'i chimakhala chofanana mbali zonse, ndipo zimene zimasiyana ndi njanji ndi zogwirira zosunthira mpando. Tulutsani yonse iwiri, muiike pafupi ndi kuyeza mabowo a mabawuti musanamasule kanthu. Ubwino wake ndi wakuti mbali imene inali ku chitseko imapita m'kati, kumene sikupsinjika kwambiri. Komabe mawaya othyokawo muwalumikize monga a Gondwe afotokozera, chifukwa wokwera wanu nayenso ali ndi msana.

Mayi Nambewe:

A Jere, ndinamva kuti siponji yophwa imadzukanso ikathiridwa nthunzi yotentha. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi nkhambakamwa chabe?

A Jere:

N'zoona pang'ono, mayi. Nthunzi imadzutsa siponji ya polyurethane imene yangopsinjika m'mphepete, ndipo mumaiona ikufufuma pamaso panu. Ine ndimachita zimenezi ndikafuna kuona maonekedwe ake oyambirira kuti ndijambule muyeso, kapena pochotsa makwinya ang'onoang'ono. Koma mphamvu imene siponjiyo inataya siibwerera, ndipo pakapita kanthawi imaphwanso. Imene yayamba kunyenyeka nthunzi siithandiza konse. Muiumitsenso bwino musanaiphimbe, kuopa nkhungu ndi dzimbiri pa fulemu.

Mayi Nachisale:

Pali chinthu china chimene sichinatchulidwe, ndipo chimadzidzimutsa anthu ntchito ikatha. Munthu amene wazolowera mpando wotitimira amaiwala kuti galimotoyo inapangidwa kuti azikhala m'mwamba kuposa pamenepo. Mukakonza zonse nthawi imodzi, chonyamula ndi khushoni, mumakwera ndi masentimita angapo, ndipo mu galimoto yaing'ono ngati MGB ntchafu zimayamba kukhudza chiwongolero, mutu n'kuyandikira denga. Choncho musanamasule mpando, khalanipo ndi kuyeza mpata wa pakati pa mutu ndi denga, komanso wa pakati pa ntchafu ndi chiwongolero, kuti mudziwe malire amene muli nawo. Siponji yatsopano imatsikako pang'ono m'masabata oyambirira, ndiye musafulumire kuidula.

Kutalika kwa mpando kumakhudzanso lamba wodzitetezera. Lamba wa mbali zitatu, amene Nils Bohlin anapangira kampani ya Volvo mu 1959, amagwira ntchito bwino pamene gawo lake la m'munsi ladutsa pa mafupa a m'chiuno. Pa mpando wotitimira, chiuno chimalowa pansi, lamba amakwera pamimba, ndipo pangozi munthu akhoza kutsetserekera kunsi kwa lambayo. Pa chifukwa chimenechi kutsogolo kwa pokhalira kuyenera kukhala kolimba ndi kokwererapo kuposa kumbuyo. Amene amangoyala thabwa kunsi kwa khushoni amathetsa kutitimira, koma mpando umakhala wathyathyathya ndipo suthanso kumeza kugwedezeka kwa msewu.

A Kumwenda:

Ndathokoza a Gondwe ndi a Jere, chiguduli changa ndachipezadi chitaola. Tsopano chimene ndikuchiopa ndi kubwezeretsa chophimba, chifukwa changa ndi chakale ndipo chauma. Kodi chidzakwanira pa khushoni yatsopano popanda kung'ambika?

A Jere:

Mantha anuwo ndi oyenera, chifukwa apa ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera. Chophimba chimene chakhala zaka zambiri pa khushoni yophwa chimafupika n'kuzolowera maonekedwe amenewo. Cha pulasitiki chiyikeni padzuwa mpaka chifewe, ndipo mugwire ntchitoyi pamalo ofunda, osati m'mawa kukuzizira. Cha chikopa chimafuna kuleza mtima koposa. Chipakeni mafuta ofewetsera chikopa mobwerezabwereza kwa masiku angapo musanachikoke, ndipo dziwani kuti chimene chimayamba kulephera si chikopa chenichenicho koma ulusi wosokera ndi mabowo a singano. Chitembenuzeni muone nsalu ya kunsi imene imagwira mipiringidzo, ndiye kuti mizere yotukuka yosokedwa pa chophimbacho. Ikakhala itaola, mipiringidzo imaphwa ndipo mpando umaoneka wotopa ngakhale m'kati mwake muli zatsopano. Posokanso, dutsitsani singano m'mabowo akale omwewo, chifukwa mzere wachiwiri wa mabowo pafupi ndi woyamba umang'ambitsa chikopa.

Pa Mustang chophimba chimagwidwa ndi timphete tachitsulo totchedwa hog rings, timene timapanidwa ndi pulayazi yake yapadera. Jambulani zithunzi musanadule timphete takale kuti mudziwe pamene panali kalikonse. Pobwezeretsa, yambani ndi mawaya a m'kati amene amakokera chophimba pansi m'mizere ya pakati, kenako mupite m'mphepete, mukukoka mbali iyi pang'ono ndi mbali inayo pang'ono kuti mizere isakhote. Ena amayamba amanga ndi timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya a magetsi, n'kumatikunga pang'onopang'ono mpaka zonse zitakhala m'malo, kenako n'kuika timphete. Pepala lopyapyala la pulasitiki loyalidwa pa siponji limathandiza kuti chophimba chitsetsereke m'makona, ndipo mukhoza kulisolola pambuyo pake.

Kwa a Mbewe n'zosiyana pang'ono. Pa W123 m'mphepete mwa chophimba munasokeredwa kamzere kolimba kamene kamalowa m'ngalande yozungulira fulemu, ndipo chimene chimakagwira ndi mphamvu ya masipuling'i akamakankhira m'mwamba. Mpando ukhale chozondoka pa nsalu yofewa, mutsindire fulemu ndi bondo kuti masipuling'i apanikizike, ndipo kamzereko kadzatuluka kapena kulowa popanda kukakamiza. Musakatokose ndi sikuludiraiva masipuling'i ali otambasuka, chifukwa mudzang'amba msoko.

A Gondwe:

Ndiwonjezere za zitsulo mpando usanabwerere m'galimoto. Dzimbiri la pa fulemu ndi masipuling'i mulikweche ndi burashi ya waya n'kupaka penti, ndipo pentiyo aume bwino musanayale chiguduli. Pamene mawaya awiri akukhudzana ikanipo kansalu kokhuthala, chifukwa kulira kumene kumamveka mpando ukakonzedwa kumachokera pamenepo, ndipo kumakwiyitsa kwambiri ukadziwa kuti kuti ukufikire uyenera kumasulanso zonse. Njanji zosunthira mpando muzitsuke mafuta akale amene anauma ndi fumbi la khushoni, n'kupaka girizi watsopano pang'ono. Kenako tukulani kapeti muone pansi pa galimoto pamene mabawuti a mpando amalowa, chifukwa madzi amakonda kudikha pamenepo, ndipo chitsulo chikadyeka mpando umapendekera pa chifukwa chimene sichili mu mpandomo. Mabawuti akale akakhala odyeka, ikani atsopano olembedwa 8.8 pamutu pake kapena olimba kuposa pamenepo, makamaka pa galimoto zimene chokolera lamba chinamangidwa pa mpando weniweniwo.

A Phiri:

A Jere, nanga chotsamira? Mwakamba za pokhalira pokha, koma khushoni ya kumsana nayo ndi ya ulusi womwewo, ndipo ine ndimaona kuti kukonza pansi pokha kumasiya munthu atakwera koma msana ulibe pogwira.

A Jere:

Mwanena zoona madala, ndipo popeza mpando uli kale panja, ndi bwino a Mbewe atsegule chivundikiro cha kumbuyo kwa chotsamira aone. Masipuling'i a kumsana saduka kawirikawiri chifukwa sanyamula thupi lonse, koma khushoni yake imatha m'mphepete mwa ku chitseko, pamene phewa ndi nthiti zimakhula polowa, ndiponso m'munsi mogwira chiuno. Ngati yangopyapyala koma sikunyenyeka, ingathe kukhalabe, mutalowetsa kumbuyo kwake chidutswa cha siponji yolimba chokhuthala masentimita 2 kapena 3 pamalo a chiunowo, pakati pa khushoni ndi masipuling'i. Muyese kaye kukhalapo musanachimate ndi guluu, chifukwa pokhalira pakakwera, malo amene chiuno chimatsamira nawonso amasuntha, ndipo chidutswacho mungafunike kuchikweza pang'ono.